Zaka 250 za Khasu ndi Buku pa Sukulu Imodzi

Pali mawu amene afala pakati pa anthu okonda kukamba za maphunziro, onena kuti kulera anyamata ndi atsikana a zaka 12 kufikira 18 pa munda, kumene buku ndi khasu zimalandizana kuyambira mbandakucha kufikira madzulo, ndiyo nzeru yatsopano imene yabadwira ku America m'masiku athu ano. Ndipo popeza sukulu imene ambiri amailoza ponena zimenezi, ya m'chigawo cha Ohio, inakwanitsa zaka 25 mu 2025, kuyenera kuti tifunse ngati mawuwo ali oona. Mbiri ikukana. Nzeruyi yakhalapo zaka 250, yadzuka ndi kugwa kangapo, ndipo chimene chinkaigwetsa chinali chimodzimodzi: akuluakulu ankaiwala kuti munda uli pa sukulu chifukwa cha mwana, nayamba kuyesa kuti mwana ali pa sukulu chifukwa cha munda.

Chiyambi chake tichipeza ku Switzerland. M'chaka cha 1774 Johann Heinrich Pestalozzi anasonkhanitsa ana osauka pa munda wake wa Neuhof, kuti azilima ndi kupota thonje akuphunzira kuwerenga, ali ndi chiyembekezo chakuti ntchito ya manja awo idzalipira chakudya chawo. Koma nthaka inali yosabereka, ngongole zinachuluka, ndipo pofika 1780 sukuluyo inali itatsekedwa. Philipp Emanuel von Fellenberg, amene anagula munda wa Hofwyl pafupi ndi Bern mu 1799, anakhalitsa kuposa mnzakeyo, koma pa munda wake panali sukulu ya ana a anthu omveka, amene tsiku lawo linkathera m'mabuku, ndi ina ya ana a amphawi, amene tsiku lawo linkathera m'mizere. Mpanda umenewo, wolekanitsa mwana wa buku ndi mwana wa khasu, ndiwo unatsata nzeruyi kulikonse kumene inapita.

Itaoloka nyanja, inakamera pakati pa anthu akuda amene anali atangomasuka ku ukapolo. Ku Tuskegee, m'chigawo cha Alabama, kumene Booker T. Washington anatsegula sukulu mu 1881, ophunzira ankaumba ndi kuotcha njerwa okha, namanga nyumba zimene ankaphunziramo. Ndipo katswiri wa zaulimi George Washington Carver atafika mu 1896, sukulu inatuluka pa chipata chake, kotero kuti mu 1906 ngolo yodzala ndi zipangizo zaulimi inayamba kuyendera alimi m'minda mwawo. Komabe anthu akuda ambiri, pamodzi ndi mlembi W. E. B. Du Bois, anali ndi mantha kuti maphunziro otere adzasunga ana awo pa uganyu pamene ana a azungu akukwera. Maganizo a ku Tuskegee anafika kuno kwathu ndi nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes mu 1924, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ku Domasi kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi ndi akazi awo ankaphunzira za dimba, ukhondo ndi kasamalidwe ka mudzi. Koma makolo, poona kuti malipiro ali kwa kalaliki wogwira cholembera, anafunira ana awo mabuku. Ndipo m'kupita kwa zaka khasu la pa sukulu linasanduka chilango cha mwana wochedwa kapena wolongolola m'kalasi.

Amene anatembenuza nkhaniyi anali dokotala wa ku Italy, Maria Montessori. Iyeyu, atatchuka kale ndi nyumba ya ana aang'ono imene anatsegula ku Rome mu 1907, analemba m'zaka za m'ma 1930 kuti mwana wotha msinkhu ali ngati wobadwa kachiwiri, wofooka m'thupi, wosakhazikika mumtima, wofunitsitsa kudziwa ngati ali ndi phindu pakati pa anthu. Ndi kuti chomuyenera ndicho kukhala kumudzi pamodzi ndi anzake, pamalo pokhala ndi munda, nyumba yogona alendo ndi sitolo, kuti alawe kupanga chinthu, kuchigulitsa ndi kuwerengera phindu lake. Sananene za ana a amphawi okha, kapena za kusandutsa ana kuti akhale alimi. Ananena za mwana aliyense. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inamupeza ku India, kumene anakhala kuyambira 1939 kufikira 1946, ndipo anamwalira ku Netherlands mu 1952 sukulu yotereyo asanaimange.

Zaka pafupifupi 50 zinapitapo, mpaka mu 2000 pamene aphunzitsi ndi anthu ena akufuna kwabwino anatsegula sukulu ija ya ku Ohio pa malo a maekala 97, m'boma la Geauga, kum'mawa kwa mzinda wa Cleveland. Poyamba inkalandira a zaka 12 kufikira 15, ndipo pambuyo pake inakula kufikira a zaka 18; ena amagonera komweko, pakati pawo ochokera kumaiko ena, ndipo ena amachokera kumakomo a makolo awo. Tsiku la wophunzira limayambira ku khola, pakuti chiweto sichidziwa kuti kunja kwagwa chipale chofewa kapena kuti mbusa wake anagona mochedwa. Ena ali m'khitchini kuphikira anzawo, ena akusesa, ena ali m'nyumba ya ukalipentala. Maphunziro amatuluka m'ntchito zomwezo: wosamala ming'oma ya njuchi amaphunzira za moyo wa tizilombo ndi maluwa, woyeza madzi ndi nthaka amalowa m'sayansi, ndipo wowerengera mtengo wa chakudya cha ziweto amapeza kuti masamu, amene ankawada pa bolodi, ndiwo amene adzanene ngati khola lapindula kapena laluza.

Ntchito imene imaonetsa bwino mtima wa sukuluyo ndiyo ya manyuchi a mtengo wa maple. Kumapeto kwa nyengo yozizira, m'miyezi ya February ndi March, pamene usiku madzi amaundana koma masana amasungunuka, mitengoyo imatulutsa madzi otsekemera pang'ono. Ophunzira amaboola makungwa, natunga madziwo, nawawiritsa nthawi yaitali, pakuti pamafunika malita pafupifupi 40 kuti patuluke lita imodzi ya manyuchi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: wofulumira kuphula amapeza zamadzimadzi, wosinza pa moto amapsereza ntchito ya gulu lonse. Ndipo popeza dera la Geauga ndi la eni manyuchi, amene akhala akuchita chikondwerero chake m'tauni ya Chardon kuyambira 1926, ndiponso kuli alimi a mpingo wa Amish amene amalimabe ndi akavalo, mwana wotenga botolo lake kukagulitsa amakumana ndi wogula wodziwa kulawa, amene sadzatulutsa ndalama chifukwa cha chisoni.

Apa ndipo pali kusiyana ndi zoyesa zakale. Zimene ophunzira amagulitsa kwa makolo, alendo ndi anthu a m'deralo, monga manyuchi, uchi ndi zosema, sindizo zimene zimanyamula sukulu. Ndalama zake zimabwerera ku ntchito za ophunzira omwewo, ndipo iwo amaona mabuku ake. Okulirapo amasankhidwa kuyang'anira khola, dimba kapena malonda, ndipo pa msonkhano wawo amakambirana zovuta za pakati pawo pamaso pa aphunzitsi, monga anthu odziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi ochokera kumaiko ambiri akhala akupita kumeneko kukaona ndi maso, ndipo sukulu zofanana nayo zamera m'maiko ena.

Koma mpanda wa ku Hofwyl sunagwe, unangotembenuka. Malo, ziweto, nyumba zogona ndi aphunzitsi okhala ndi ana usana ndi usiku zimafuna chuma chambiri, kotero kuti khasu limene kale linkapatsidwa kwa mwana wa mmphawi kuti alipire nsima yake, lero m'maiko olemera limafikira makamaka mwana amene makolo ake angathe kulipira. Pamwamba pa zimenezo pali mayeso, amene amayeza zimene mwana waloweza ndipo sadziwa kuyeza ngati mwanayo angadaliridwe ndi khola. Choncho paliponse pamene mayeso ayandikira, maola a kumunda ndiwo amayamba kudulidwa.

Kuno kwathu, kumene sukulu zambiri za sekondale zili pakati pa minda ndipo ana ambiri anagwira khasu asanagwire cholembera, chimene anzathu amachigula ndi ndalama zambiri chili pakhomo. Chotsala ndi mafunso atatu amene mbiri yonseyi yatisiyira, oyenera kufunsidwa ndi kholo lililonse pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi: kodi ntchito ya pa dimba la sukulu ikulowa m'phunziro la masamu ndi sayansi, kodi ana akudziwa kumene ndalama za zokolola zikupita, ndipo kodi mwana wa mphunzitsi wamkulu akulima mzere wofanana ndi wa mwana wamasiye? Sukulu imene ingayankhe inde katatu yapeza chimene Pestalozzi anachifunafuna osachipeza. Imene singayankhe ikungogwiritsa ana ganyu wopanda malipiro.