Tanthauzo la mawu: Stockholm syndrome

Mawuwa amanena za munthu wosungidwa mokakamiza amene amayamba kukonda ndi kuikira kumbuyo womuzunzayo. Anayambira ku Sweden mu 1973, achifwamba atatsekera antchito anayi a banki mumzinda wa Stockholm masiku 6, antchitowo n'kuyamba kuopa apolisi kuposa achifwambawo.

Okonda nthano zazithunzi za pa intaneti amawatchula kawirikawiri pokamba za Killing Stalking, nthano ya ku South Korea imene wolemba wake, Koogi, anayamba kutulutsa mu 2016. M'nthanoyi, munthu wina dzina lake Sangwoo amathyola wina dzina lake Yoon Bum miyendo, kumutsekera m'nyumba, kenako n'kumamupatsa chakudya, Bum n'kumati ndiye chikondi chimenecho. Komatu pamenepa mawuwa sakukwanira bwino. Bum anali atayamba kale kumulondalonda Sangwoo, ndipo m'nyumbamo analowa yekha mozemba, popanda womukoka.