Mmene njala inasandutsira mzinda wa Havana kukhala dimba

Kummawa kwa Havana, likulu la dziko la Cuba, kuli dera la nyumba zosanjikizana lotchedwa Alamar. Nyumbazo zinamangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi magulu a ogwira ntchito amene ankadzimangira okha pokhala, ndipo zonse n'zofanana, za konkire yotuwa ndi timakonde ting'onoting'ono. Pakati pa nyumbazi pali munda wa mahekitala pafupifupi 11. Mmenemo mumalimidwa letesi, tomato, nkhaka, therere, kaloti ndi zitsamba zokometsera ndiwo, popanda thumba la feteleza wa kusitolo. Munda umenewu ndi wa koparetivi ya Vivero Alamar, ndipo anthu oyandikana nawo amagula ndiwo pageti penipenipo, zothyoledwa mmawa womwewo.

Alendo ochokera ku Ulaya ndi ku America akafika pamalopa amachita chidwi, n'kumabwerera kwawo akunena kuti anthu a ku Cuba ndi okonda chilengedwe. Mbiri yake siyotero kwenikweni. Anthu a mu Havana anagwira khasu chifukwa m'mimba munali mukulira.

Kuti timvetse, tibwerere mmbuyo pang'ono. Fidel Castro atatenga boma mu 1959, dziko la America linatseka malonda ndi Cuba, ndipo Cuba anakatsamira pa Soviet Union. Mu 1972 analowa m'bungwe la zamalonda la mayiko achikomyunizimu lotchedwa Comecon. Pangano lake linali lokoma: Cuba azilima nzimbe n'kumagulitsa shuga pamtengo woposa wa pamsika wa dziko lonse, ndipo sitima zizibwera ndi mafuta, feteleza, mathirakitala, tirigu, chakudya cha ziweto ndi nyama ya m'zitini. Malonda a Cuba oposa 80 peresenti ankachitika ndi mayiko amenewa. Minda yambiri inali ya boma, ikuluikulu, yolimidwa ndi makina komanso yothiridwa feteleza wochuluka kuposa m'mayiko ambiri a ku Latin America. Munthu wa m'tauni ankatenga kabuku kake kolandirira chakudya, kamene kanayamba mu 1962, n'kupita kusitolo ya boma kukatenga mpunga, nyemba, shuga, mafuta ophikira ndi buledi. Kulima kuseri kwa nyumba kunkaoneka ngati umphawi kapena uchimidzi. Ngakhale madimba a alimi ochokera ku China, amene kale ankadyetsa mzindawu ndiwo zamasamba, anali atazilala.

Kenaka chipupa cha Berlin chinagwa mu 1989, ndipo mu Disembala 1991 Soviet Union inatheratu. Sitima zinasiya kubwera. Katundu wolowa m'dziko anatsika ndi magawo atatu mwa anayi, ndipo pakati pa 1989 ndi 1993 chuma cha dziko chinafota ndi gawo limodzi mwa atatu. Boma linaitcha nyengoyi Período Especial, kutanthauza Nyengo Yapadera, dzina lofatsa la zaka zowawa kwambiri. Mvula ikakuona litsiro sikata: mu 1992 America inakhwimitsa ziletso zake ndi lamulo la Torricelli, n'kuwonjezeranso lina la Helms-Burton mu 1996.

Mu Havana, mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni, magetsi ankathima mpaka maola 16 patsiku. Mabasi anaima, boma n'kuitanitsa njinga zakapalasa zankhaninkhani kuchokera ku China. Kumudzi mathirakitala anachita dzimbiri, anthu n'kubwerera kolimitsa ng'ombe. Ngakhale pamene mbewu zinacha, panalibe dizilo wonyamulira kupita nazo m'tauni, motero zinkaolera kumunda. Buledi anali kabanzi kamodzi ka magalamu 80 pamunthu patsiku. Amayi ankakazinga khungu loyera la m'kati mwa chipatso cha manyumwa n'kumadya ngati nyama. Mabanja ena ankaweta nkhumba m'bafa, pansanjika yachitatu. Ofufuza zaumoyo anapeza kuti chakudya chimene munthu ankadya patsiku chinatsika kuchoka pa makalore pafupifupi 2,900 kufika pa 1,860, ndipo akuluakulu anaonda ndi makilogalamu pafupifupi asanu aliyense. Pakati pa 1991 ndi 1993 anthu okwana 50,000 anadwala nthenda ya mitsempha imene inkachititsa khungu, ndipo kuperewera kwa zakudya m'thupi n'kumene kunali gwero lalikulu.

Oyamba kulima sanadikire chilolezo cha munthu. Anadzala m'zitini, m'matayala akutha, pamakonde ndi pamwamba pa nyumba. Ena analowa m'malo opanda mwini pamene panagwa nyumba kapena pamene ankatayapo zinyalala, n'kuchotsa miyala ndi mabotolo, n'kugawana tizigawo. Ambiri mwa iwo anali asanagwirepo khasu chibadwire. Okalamba amene anakulira kumudzi, amene ana awo ankawaseka kuti ndi otsalira, anasanduka aphunzitsi.

Vuto linali dothi. Nthaka ya mumzindawu ndi yamiyala, yodzaza zigumuka za nyumba, ndipo sibereka. Yankho linachokera kwa asilikali, amene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ankayesa kulima ndiwo zawozawo m'mabedi okwera. Amamanga kampanda kakafupi ka njerwa, miyala kapena zidutswa za konkire, kotalika ngati mzere wa m'munda, kotambalala mita imodzi ndi pang'ono kuti dzanja lifike pakati popanda kupondamo. M'katimo amathiramo dothi losakaniza ndi manyowa ambiri: ndowe, zinyalala zowolerana, ndi matope otsala kufakitale ya shuga akamasefa madzi a nzimbe. Minda ya mabedi otere ndi imene amaitcha organopónico. Ubwino wake ndi wakuti ukhoza kuikhazika paliponse, ngakhale pamalo oimikapo galimoto.

Chimene chinasiyanitsa Havana ndi mizinda ina yanjala n'chakuti boma, m'malo mothamangitsa olimawo, linawatsatira. Mu 1994 unduna wa zamalimidwe unatsegula nthambi yoona za ulimi wa m'tauni mumzindawu. Aliyense wofuna kulima ankatha kupempha malo ogonera, n'kupatsidwa mwaulere, pangano lake n'lakuti malowo akhalabe a boma koma iye azilima ndi kudya zake malinga ngati sakuwagoneka. M'madera munatsegulidwa timasitolo togulitsa mbewu, mbande, zipangizo ndi manyowa, mmene munkakhalanso mlangizi woti munthu n'kumufunsa chimene chadya kabichi wake.

Pa nkhani ya tizilombo, Cuba anali ndi mwayi umodzi: anali ataphunzitsa asayansi ambiri, ndipo ena mwa iwo anali atayamba kale kufufuza njira zotetezera mbewu popanda mankhwala ogula kunja, ngakhale kuti nthawi ya zokoma palibe ankawamvera. Tsopano anawafuna. M'dziko lonse munakhazikitsidwa malo oposa 200 oswetsera adani a tizilombo, monga timavu ting'onoting'ono totchedwa Trichogramma timene timaikira mazira m'mazira a agulugufe amene amaswa mbozi, komanso tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadwalitsa mbozizo. Kumapeto kwa bedi lililonse ankadzala maluwa onunkha othamangitsa tizilombo, m'mbali n'kuzunguliza chimanga kapena mapira. Masamba ndi njere za nimu ankazinyika n'kumapopera. Ankawetanso nyongolotsi m'ngalande za simenti, kuzidyetsa ndowe kuti zitulutse manyowa osalala akuda bii. Mankhwala a kufakitale analetsedwa m'minda ya m'kati mwa mzinda, ngakhale kunena zoona analibe kowapeza.

Koma kulima kokha sikukanakwanira. Mu 1986 Fidel Castro anali atatseka misika imene alimi ankagulitsamo zokolola pamtengo wawo, ponena kuti ikulemeretsa anthu ochepa. Pa 5 Ogasiti 1994 anthu okwiya anadzaza msewu wa m'mphepete mwa nyanja wa Malecón, zionetsero zimene mzindawu unali usanaonepo chilowereni boma la Castro, ndipo m'milungu yotsatira anthu oposa 30,000 anathawira ku America pa timabwato topanga okha. Raúl Castro, mng'ono wake wa Fidel, amene nthawiyo anali mkulu wa asilikali, ananena poyera kuti nyemba zinali zofunika kuposa mizinga. Pa 1 Okutobala chaka chomwecho misika ya alimi inatsegulidwanso. Chaka cham'mbuyo mwake, mu 1993, minda yambiri ya boma inali itagawidwa kwa ogwira ntchito kuti aziyendetsa ngati makoparetivi. Apa m'pamene munthu wolima m'tauni anayamba kuona ndalama m'thumba, ndipo madimba anachuluka msanga.

Vivero Alamar inabadwa mu 1997. Miguel Salcines, amene kale ankagwira ntchito ku unduna wa zamalimidwe, anayamba ndi anzake ochepa pa kamalo ka masikweya mita 800. M'kupita kwa zaka mamembala anapitirira 100. Atsogoleri amasankhidwa ndi mamembala, ndipo pamwamba pa malipiro amagawana phindu potengera zaka zimene munthu wagwira ntchito pamalopo. Panali nthawi imene wothirira letesi ku Alamar ankapeza zambiri kuposa wogwira ntchito muofesi ya boma, mwakuti aphunzitsi, amisiri ndi opuma pantchito ankabwera kudzapempha malo. Monga minda ina yotere, gawo la zokolola limapita kusukulu, kumalo osungira ana ndi kuchipatala pamtengo wotsika.

Kadyedwe nako kanasinthako. Mbale ya munthu wa ku Cuba ndi mpunga, nyemba zakuda, nthochi zophika, chinangwa ndi nyama yankhumba ikapezeka. Masamba ambiri ankawaona ngati chakudya cha akalulu. Dimba litafika pakhomo, masamba analowa m'mbale.

Dziko lapansi linamva. Mu 1999 gulu la akatswiri a ulimi wosathira mankhwala la Grupo de Agricultura Orgánica linalandira mphoto ya Right Livelihood ku Sweden. Mu 2006 kunatuluka kanema wotchedwa The Power of Community, amene anafalitsa nkhaniyi kwa anthu odera nkhawa za tsiku limene mafuta adzathe. Kuyambira pamenepo mbiri inayamba kukula kuposa munda. Ena amalemba kuti madimba a mu Havana amapereka theka la ndiwo zamasamba za mzindawo, ena amati 90 peresenti. Ziwerengero zimenezi zimachokera kuboma, ndipo ofufuza ena amazikayikira.

Ngakhale titavomera chiwerengero chachikulucho, munthu wa kwathu kuno aona msanga pamene pali mpata: ndiwo si nsima. Letesi ndi tomato sizilowa m'malo mwa mpunga, tirigu, mafuta ophikira, mkaka ndi nkhuku, ndipo zimenezi sizilimidwa m'mabedi a mita imodzi. Mpaka lero Cuba amagula kunja pakati pa 70 ndi 80 peresenti ya chakudya chake, ndipo chodabwitsa n'chakuti nkhuku zambiri zoumitsidwa m'firiji zimachokera ku America komweko, kumene lamulo la mu 2000 linalola kugulitsa chakudya ku Cuba polipiriratu. Mafuta atayamba kubwera kuchokera ku Venezuela, kutsatira pangano la mtsogoleri wa dzikolo Hugo Chávez ndi Fidel Castro la mu 2000, minda ikuluikulu ya kumudzi inabwerera ku feteleza ndi mankhwala paliponse pamene zinapezeka. Malo ambiri achonde anagona, n'kumera chitsamba chaminga chotchedwa marabú, mpaka mu 2008 Raúl Castro, atakhala mtsogoleri wa dziko, analamula kuti malo ogonawo abwerekedwe kwa ofuna kulima.

Zaka zaposachedwa njala yabwereranso. Mliri wa Covid-19 unaimitsa alendo odzaona malo, kusintha kwa ndalama kwa mu 2021 kunakweza mitengo, magetsi akuthimathima, ndipo achinyamata miyandamiyanda achoka m'dziko. Mu 2024 boma la Cuba linapempha bungwe la World Food Programme kuti lithandize ndi mkaka wa ana aang'ono, ndipo kabanzi kaja kanachepetsedwa kufika pa magalamu 60. Madimba ena akuvutika ndi madzi chifukwa mapampu amadalira magetsi, ena akusowa anthu olima. Komabe ambiri akadalipo, zaka zoposa 30 chiyambireni.

Ine ndikuona kuti mbiriyi ikutikhudza pa mfundo imodzi yokha, koma yaikulu. Nafenso feteleza ndi mafuta timagula kunja ndi ndalama zakunja zimene tilibe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa thumba la feteleza ndi wa mulu wa tomato zinakwerera limodzi. Ndipo mosiyana ndi anthu a mu Havana a mu 1990, ife kulima sitinaiwale. Dzinja likafika, malo aliwonse ogona mu Lilongwe amamera chimanga, ndipo m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi muli madimba a mpiru ndi tchainizi chaka chonse. Chosowa n'chimene a ku Havana anapatsidwa: pepala lotsimikiza kuti malowo suchotsedwa mawa, mlangizi wa m'tauni, manyowa apafupi, ndi pogulitsira povomerezeka. Kuno wolima m'tauni amalima mwakabisira, osadziwa ngati mbewu zake zifika pokolola, pamene masamba a kabichi ndi tomato wowola wa m'misika akutengedwa pa lole kukatayidwa kumalo otayira zinyalala ku Area 38 ndi ku Mzedi.

Makhonsolo a mizinda yathu atayamba ndi kulemba malo onse ogona amene ali m'manja mwawo, n'kuwabwereketsa kwa magulu a m'madera kwa zaka zodziwika, ndiponso kupatula zinyalala za m'misika kuti ziwolere manyowa, sangafunike ngakhale dola imodzi yochokera kunja.