Msasa wa Nkhondo Wopanda Akavalo

M'nyumba zosungiramo zinthu zakale ku Ulaya muli zithunzi zojambula pamanja ndi utoto wamafuta zoonetsa moyo wa asilikali pa msasa. Mmodzi mwa akatswiri ake adali Philips Wouwerman wa ku Haarlem m'dziko la Holland, amene adamwalira mu 1668. Iye ankajambula asilikali akumwa pakhomo pa hema, wina akuomba lipenga, ndipo kawirikawiri pakati pa onsewo pankaima kavalo woyera. Mdzukulu woona zithunzi zotere angaganize kuti msasa uliwonse wa nkhondo udali chomwecho.

Kuno ku Nyasaland sizidatero. Akavalo sankakhalitsa chifukwa cha kashembe ndi matenda ena a ziweto, choncho ntchito ya kavalo inkagwiridwa ndi munthu. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, amuna pafupifupi 200,000 adatengedwa kukakhala amtengatenga. Ankasenza zipolopolo, chakudya ndi mahema pamutu, katundu woposa makilogalamu 20, kutsatira asilikali a Keyala mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Ambiri sankapita mwa kufuna kwao. Mafumu ankakakamizidwa kupereka anthu, ndipo njala, kamwazi ndi chibayo zidapha ochuluka kuposa mfuti. Kavalo wa m'chithunzi cha Wouwerman ndi wonenepa, wosalala. Wamtengatenga sadasamalidwe chotero.

Ku Chiradzulu kudali munthu amene adaziona izi zisanafike poipa. Mu November 1914, nkhondo ya ku Karonga itangochitika, M'busa John Chilembwe wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Adadandaula kuti amphawi akufera nkhondo ya eni ake, nasiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma lidaitsekereza kalatayo. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: pa 23 January 1915 anthu ake adaukira, ndipo William Jervis Livingstone adaphedwa ku Magomero. Patangopita masiku atatu asilikali adalowa ku Mbombwe. Tchalitchi cha njerwa chija adachiphulitsa, ndipo Chilembwe adawomberedwa pa 3 February cha ku Mulanje. Mishoniyo idakhala yotseka mpaka Dr. Daniel Malikebu adaitsegulanso mu 1926.

Nanga moyo wa pa msasa adausunga bwanji obwerera ku nkhondo, popeza adalibe utoto? Adausunga m'miyendo. Gule wa beni, amene Ayao amavina, adachokera ku gombe la Aswahili ndipo adafala ndi asilikali ndi amtengatenga nkhondo itatha. Ovina amavala ngati asilikali, amaima m'mizere, ali ndi maudindo ao, ndipo amaguba motsatira mluzu ndi ng'oma yaikulu. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda wa m'chigawo chapakati ndi abale ake a beni. Magule atatu onsewa ali ndi pelete, ng'oma ndi saluti, koma palibe amene amavina atakwera kavalo.