"Sitinapeze" ndi "palibe" si mawu amodzi

Pa Mlangeni, pamene msewu wa M1 umayenda m'malire a Malawi ndi Mozambique, kachewere ndiye ndalama. Mlimi wa kuno akafunsa ngati kuthira manyowa pamwamba pa feteleza kumachulukitsa zokolola, safunsa mocheza. Yankho lake lidzamuuza kogwiritsa ntchito ndalama zochepa zimene ali nazo. Ndiye chifukwa chake ndimadandaula ndi mmene ana athu ophunzira ku Bunda ndi ku Zomba amanenera m'Chichewa zotsatira za t test. Masamu amawakhoza. Zinthu zimawonongekera pakamwa.

Tiyerekeze kuti wophunzira wagawa munda m'zigawo 20. Zigawo 10 wathira feteleza yekha, zina 10 feteleza ndi manyowa. Pokolola wayeza pasikelo, wapeza avareji ya mbali iliyonse. Ma avareji awiriwo sangafanane ndendende, pakuti ngakhale mizere yoyandikana sibereka mofanana. Ntchito ya t test ndi kuona ngati kusiyana kwa mbali ziwirizo kwaposa kusiyana kumene zigawo zili nako kale pazokha. Woyesayo amayamba ndi ganizo loti manyowa sasintha kanthu, kenaka amaona ngati manambala akulitsutsa. Pa zigawo 20 zoterezi, tebulo la t limaika malire pa 2.10. Nambala ya t ikapitirira pamenepo, ndiye kuti kusiyana kotere kukanabwera mwangozi kosafika ka 5 pa ka 100 kalikonse, manyowa akanakhala opanda ntchito.

Nanga t ikalephera kufika pa 2.10? Apa ndi pamene timamva kuti, "Kafukufuku waonetsa kuti palibe kusiyana." Mawu amenewa ndi olakwika, ndipo Mchewa kapena Mngoni aliyense angaone kulakwika kwake atawaganizira. "Palibe" ndi mawu a munthu amene wafufuza paliponse n'kumaliza. "Sitinapeze" ndi mawu a munthu amene wafufuza pamene anatha kufika. Apolisi amene amaphunzira ntchito pa Mlangeni pomwepa amadziwa kuti munthu akamasulidwa chifukwa umboni sunakwane, khoti silinanene kuti sanabe. Zigawo 10 n'zochepa. Manyowa angathe kukhala ndi phindu lenileni, koma nthaka yosiyanasiyana, chiwawu cholowa mbali imodzi ya munda, kapena mvula yodukiza n'kuliphimba. Wophunzira akanena kuti "palibe", mlimi amasiya kututa manyowa m'khola chifukwa cha mawu amene manambala sananene.

Amene anayambitsa njira imeneyi ankadziwa bwino kuchepa kwa zimene anali nazo m'manja. William Sealy Gosset ankagwira ntchito pa kampani yofulula mowa ya Guinness ku Dublin, ndipo ankayesa barele ndi zina zofululira, nthawi zambiri ndi miyeso yowerengeka chabe. Analemba njira yake mu 1908 m'magazini ya Biometrika, pogwiritsa ntchito dzina lobisika loti Student. Ronald Fisher, amene anaikulitsa njirayi poyesa mbewu ku Rothamsted ku England, anafotokoza m'buku lake la mu 1935 kuti ganizo loyambira lija lingathe kutsutsidwa, koma kuyesa sikungalitsimikize. Chichewa chili nawo kale mawu onenera zimenezi. Sitifunika kupeka atsopano.

Vuto lina limabwera t ikadutsa malire. Wophunzira amasangalala n'kulemba kuti "zatsimikizika", kapena kuti pali "kusiyana kwakukulu". Mawu a Chingerezi akuti significant apa sanena za kukula ayi. Amangonena kuti kusiyanako n'kovuta kukutcha ngozi. Munthu atayesa zigawo zambirimbiri, ngakhale kusiyana kwa mbatata zochepa zosadzaza m'manja kungadutse malire, chonsecho sikungalipire ngolo yotutira manyowa. Wogulitsa pa msika wa Lizulu akamva "kwakukulu" amaganiza za matumba. Tikamupatsa mawu amenewo pa chinthu chaching'ono, tamunamiza, ngakhale masamu athu ali olondola. Ndipo "zatsimikizika" tiwasungire zinthu zimene zayesedwa zaka zingapo, m'minda yosiyana, ndi anthu osiyana. Pa munda umodzi ndi dzinja limodzi, "zikusonyeza" akukwanira.

Ndikupempha aphunzitsi a masamu awa kuti pochonga asamathere pa nambala ya t. Wophunzira aliyense alembe chiganizo chimodzi m'Chichewa, chimene angauze mlimi maso ndi maso, ndipo chiganizocho chilandire malikisi ake. Chinene zigawo zimene zinayesedwa, makilogalamu amene mbali ina inaposera inzake, ndi mphamvu ya umboniwo. Mwachitsanzo: "Bambo, tinayesa zigawo 10 mbali iliyonse. Ya manyowa inaposako ndi makilogalamu akutiakuti, koma osati mokwanira kuti tinene kuti ndi manyowawo achititsa. Musawasiye kaye. Chaka chamawa tiyesenso pa zigawo zochulukirapo, ndi ku munda wa kumtunda uja."