Mbiri ya Phazi Lamanzere

M'zaka za m'ma 1890, magalimoto a kampani ya Panhard et Levassor ku France anali ndi magiya olumana mano popanda chowafewetsa. Dalaivala akaphonya nthawi, zitsulo zinkakukutana mpaka oyenda pansi kucheuka. Pofuna kupewa zimenezi, madalaivala anazolowera kuponda kilachi kawiri: kuponda ndi kuchotsa giya, kusiya, kupatsa moto pang'ono kuti injini igwirizane ndi liwiro la galimoto, kenako kupondanso ndi kulowetsa giya ina. Zonsezi ankaziyeza ndi khutu.

Ford Model T, yomwe inapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927, inali ndi mwambo wakewake. Chopondera chakumanzere chinali cha kilachi ndi magiya, chapakati chobwerera m'mbuyo, chakumanja cha buleki, pomwe moto unkaperekedwa ndi kachitsulo ka pachiwongolero. Dalaivala wa lero atati athamange mwachizolowezi, angoimitsa galimoto.

Mu 1928 Cadillac inabweretsa synchromesh, luso la Earl Thompson lolinganiza liwiro la magiya asanalumane. Oldsmobile ya 1940 inabwera ndi Hydra-Matic, yosintha magiya yokha. Kuchokera apo phazi lamanzere linayamba kusowa ntchito, makamaka ku America, komwe ana ambiri akula osaonapo makolo awo akuponda kilachi. Ku Britain amene wakhoza mayeso pa otomatiki saloledwa kuyendetsa ya manyuwo, ndipo magalimoto amagetsi ambiri alibe n'komwe magiya osintha.

Chimandidetsa nkhawa n'chakuti galimoto yakale ikasowa woiyendetsa imawonongekera m'galaja, matayala kuphwa, mafuta kuuma m'mapaipi. Eni ake ena anazindikira izi. Mu 2011 kampani ya inshuwalansi ya Hagerty inayamba kusonkhanitsa achinyamata kuti aphunzire kilachi pa magalimoto akale obwereka kwa eni ake, ndipo ku Gilmore Car Museum ku Michigan amaphunzitsa kuyendetsa Model T. Ine ndimawavulira chipewa eni magalimotowa. Si chapafupi kukhala pambali uku mwana wa eni akuzimitsa injini mobwerezabwereza, galimoto yako yamtengo wapatali ikudumphadumpha ngati chule, kilachi ikununkha kupsa, iwe n'kumangoti, "Likitsanso, koma phazilo uzilinyamula pang'onopang'ono."