Chinsinsi cha loya chitawoloka nyanja

Pamene kampani ya migodi ya Vale inkasamutsa mabanja a ku Chipanga kupita ku Cateme ndi 25 de Setembro kuyambira mu 2009, anthu analembedwa mayina, nyumba ndi minda. Mlandu wa chipukutamisozi ukabuka, mapepala otere amagwera m'manja mwa maloya, ndipo loya wa kampani yaikulu masiku ano sawerenga yekha zonse.

Ganyu yowerengera ena zikalata za milandu inakula ku India zaka za m'ma 2000 zitangoyamba. Mu 2009 Rio Tinto, yomwe inadzagula mgodi wa Benga kuno ku Tete mu 2011, inagwirizana ndi kampani ya CPA Global kuti maloya a ku India aziiunikira makontirakiti pa mtengo wotsika.

M'maofesi a ganyu otere, chitetezo cha masiku amenewo chinali cha mlonda pachipata. Foni ankaisiya panja. M'chipinda munalibe pepala, cholembera kapena pulinta, ndipo mabowo a USB pa kompyuta anali otsekedwa. Yemwe ankaopedwa ndi wantchito mwiniyo, ngati mmene amasechera anthu potuluka pamgodi. Satifiketi ya ISO 27001, muyezo wa chitetezo cha zinsinsi umene unatuluka mu 2005, inasanduka chiphaso chopezera makasitomala. Mu 2008 bungwe la maloya la American Bar Association linanenetsa kuti loya wotumiza ntchito kunja ndiye adzayankhe chinsinsi chikaululika. Kenaka maofesi ambiri anasiya kutumiza mafailo. Waganyu amangowaona pa sikirini, ali pa seva ya eniake.

Koma mbala inalowera kwina. Mu 2016 zikalata 11.5 miliyoni za Mossack Fonseca, ofesi ya maloya ku Panama, zinaululidwa ndi atolankhani. Mu 2020 achiwembu a pa intaneti anakhoma makompyuta a Epiq, kampani yosunga umboni wa milandu, ntchito n'kuima.

Malamulo oteteza zinsinsi za anthu anabwera mochedwa: GDPR ku Ulaya mu 2018, India mu 2023, Malawi mu 2024. Ine ndimaona kuti mpanda wonsewu unamangidwira wolipira, osati woumba njerwa wa ku Chipanga amene dzina lake lili mufailo. Ndime 71 ya malamulo aakulu a Mozambique imamupatsa ufulu woona ndi kukonzetsa zolembedwa zokhudza iye, koma kuti atero ayenera kuyamba wadziwa dziko limene kuli sevayo.