Walleye, nsomba yotchedwa potengera diso lake

Dzina lakuti walleye limanena za diso. M'Chingelezi chakale mawuwa ankatanthauza diso lotuwa, looneka ngati lachita ng'ala. Koma nsomba ya ku Canada ndi United States imeneyi si yakhungu ayi. Kuseri kwa diso lake kuli kachikopa kobweza kuwala, monga amachitira maso a mphaka usiku, motero imaona bwino mumdima ndi m'madzi amatope.

Dzinali limandisangalatsa chifukwa likugwirizana ndi moyo wa nsombayi. Chisanu chikatha, cha mu Malichi ndi Epulo, zina mwa nsombazi zimachoka m'nyanja ya Erie n'kukwera mtsinje wa Maumee ku Ohio. Zimaikira mazira makamaka usiku, pamiyala pamene madzi akuthamanga, osamanga chisa. Mazirawo amagwera m'mipata ya miyala, ndipo matope akawakwirira, amafa.